Mpunga wa ku Karonga ukutidyetsa, koma ana akukula ine ndili pamsewu

Bambo a Yankho, Area 25:
Akuluakulu, pa gulu lino ndakhalapo chaka chathunthu ndikungowerenga, koma lero ndati ndilankhuleko chifukwa nkhaniyi yandisowetsa tulo. Ndili ndi ana atatu. Yankho alowa Sitandade 8 mu Seputembala muno, mng'ono wake ali Sitandade 4, ndipo chitsirizira ndi mtsikana wa zaka zitatu. Ntchito inandithera mu 2021, ndipo kangachepe kamene anandipatsa ndinayambira geni ya mpunga. Ndimakapikula Kilombero ku Karonga, kupunthitsa komweko, n'kubwera naye kuno ku Lilongwe. Wina ndimaperekera m'magolosale, wina mayi a kunyumba amagulitsa pakhomo. Sindinganame, geniyi yatisunga. Lendi sitinaphonyepo, ndipo ngakhale pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ana sanagonepo ndi njala.

Vuto ndi msewu. Ulendo umodzi umandidyera masiku 9 kapena 10. Kupita kokha ndi tsiku lathunthu, kenako kuzungulira m'midzi ya ku Kaporo kufunafuna mpunga, kudikira pamzere kuchigayo, kudikiranso lole kuti idzaze. Nyengo yokolola ino ndakhala ndikupita kawiri pamwezi. Masiku amene ndagona pa matumba aposa amene ndagona pa bedi langa.

Sabata yatha ndinafika m'mawa fumbi lili mbuu, m'manja muli phava la nthochi. Mwana wamng'onoyo anali pakhonde akusewera ndi zitsekerero za mabotolo. Nditatambasula manja kuti ndimunyamule, anathawa kukabisala kuseri kwa chitenje cha mayi ake, n'kumandisuzumira ndi diso limodzi. Mayi ake anati, "Si adadi awa?" Iye n'kupukusa mutu. Madzulo ake ndinapeza lipoti la Yankho litapindidwa kanayi, litabisidwa m'kati mwa buku la nyimbo. Masamu wapeza 31, mwana amene ankatenga nambala 3 kapena 4. Nditamufunsa anangowerama n'kunena kuti, "Ndinkafuna mundithandize koma munali kulibe."

Ndiye funso langa ndi ili. Ndi bizinesi yanji imene munthu angachite ali pafupi ndi ana, koma n'kumapezabe ya lendi ndi ya sukulu? Mpamba ulipo pang'ono. Nyumba ndi yalendi koma ili ndi mpanda komanso kamalo kuseri. Amene munadutsamo, ndithandizeni nzeru.

Wa ku Joni:
Achimwene, ndawerenga mpaka misozi yalengeza m'maso. Koma ndikupempheni, musafulumire kutaya geni imene ikukudyetsani. Ine ndili ku Johannesburg chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano, ndimagwira ntchito m'shopu ina ku Mayfair. Mwana wanga wachiwiri ndinamusiya ali m'mimba, ndinadzamugwira koyamba ali ndi zaka zitatu. Inu mukuwerenga masiku, ine ndimawerenga zaka. Chimene chinandichotsa kwathu ku Mangochi ndi tsiku limene mwana woyamba anadwala, ine m'thumba mulibe ngakhale ya kabaza yopitira kuchipatala. Ndinamubereka kumbuyo ndekha, ulendo wapansi. Kukhala pakhomo uli chimanjamanja ndinakulawa, ndipo sindifunira munthu wina. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mpunga mwaudziwa, okugulani muli nawo. Bizinesi yatsopano imayamba yakudya iwe kaye isanakudyetse.

Mjomba wa pa Biwi:
Zoona zimenezo. Mwana sadya nkhope ya bambo ake, amadya nsima. Makolo athu ankachoka miyezimiyezi koma ife tinakula bwinobwino. Zolera ndi za amayi, ife kwathu n'kusaka.

Mayi a Tadala, Chilomoni:
Mjomba, ndi ulemu wonse, mundilole ndikutsutseni. Amuna anga amayendetsa thiraki, ulendo wa ku Beira ndi ku Dar es Salaam, ndiye moyo umene mayi a Yankho akukhala ndimaudziwa mkati mwake. Ndalama amatumiza, sindidandaula. Koma ndalama sidzuka usiku. Chaka chatha mwana wathu wamwamuna anatentha thupi cha m'ma 1 koloko usiku mpaka kuyamba kukomoka. Ndinamukulunga m'bulangete, wamng'ono ndinamubereka kumbuyo, wamkulu ndinamusiya yekha m'nyumba nditamukhomera, n'kuyamba kugogoda m'makomo mwa anthu kufuna wa galimoto. Anali malungo. Anachira, tithokoze Mulungu, koma mpaka lero wamkuluyo safuna kugona nyali itazima.

Ndipo pali china chimene abambo simuchiona. Mnyamata akafika zaka 12 kapena 13 pali zinthu zimene sangauze mayi ake. Ine ndikamukalipira amangondiyang'ana, koma bambo ake akangokhosomola amamva. Akachoka, zonse zimabwerera pakale.

Bambo a Yankho, musanafunse ife, mwawafunsa mayi a kunyumba? Chifukwa bizinesi iliyonse imene mungaike pakhomopo, kaya ndi nkhuku kaya ndi chiyani, tsiku limene mudzachokepo idzagwera pamutu pawo, pamwamba pa ana atatu ndi mpunga umene akugulitsa kale. Khalani nawo pansi kaye.

Aphunzitsi Opuma, Dedza:
Ndayamika mawu a mayiwa. Mjomba mwati makolo athu ankachoka koma tinakula bwinobwino. Ine ndine mmodzi mwa ana amenewo, ndiye mundilole ndinenepo. Bambo anga anali wa Wenela. Ankapita kumigodi, kubwera, kukhala miyezi ingapo, n'kulembetsanso. Anadzakhazikika pakhomo Kamuzu ataletsa ulendowu mu 1974, ndege yonyamula anthu athu itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana. Anabwera ndi njinga, wailesi ndi mabulangete, ndipo mudzi wonse unkatisirira. Koma ine ndinali nditakula kale osawazolowera. Mpaka tsiku limene tinawaika m'manda, sitinachezepo momasuka ngati mwana ndi bambo wake. Ndinkawalemekeza, koma sindinkawadziwa. Ndipo ife tinali ndi mwayi chifukwa anabwerera. Anzanga ena bambo awo anasanduka matchona.

Chinanso, nthawi imeneyo bambo akachoka, malume analipo, agogo analipo, mudzi wonse unkakuona. Mwana wa mnzako anali wako yemwe. Ku Area 25 ndani angamubweze Yankho akamuona akulowa m'nyumba ya vidiyo nthawi ya sukulu? Aliyense ali ndi mpanda wake.

Ndaphunzitsa ku pulayimale zaka 34, ndipo mwana amene ankatenga nambala 4 koma tsopano wapeza malikisi 31 m'masamu sindimamutcha wopanda nzeru. Kawirikawiri pamakhala mutu umodzi umene unamudutsa, makamaka wa mafulakishoni ndi madesimo, ndipo zonse zobwera pambuyo zimamangidwa pamenepo. Pitani mukaonane ndi mphunzitsi wake sukulu ikangotsegulira, osatuma mayi, mupite nokha. Ndipo inu muli ndi chida chimene ine ndinalibe m'kalasi: sikelo ndi thumba la mpunga. Muuzeni ayeze theka la kilogalamu, kota, makota atatu, awerengere mtengo wake. Mphindi 30 patsiku, nthawi yofanana. M'mera mpoyamba, koma chaka cha Sitandade 8 sichinayambe, nthawi ikadalipo.

Bambo a Yankho, Area 25:
Zikomo aphunzitsi, zikomo mayi a Tadala. Kunena chilungamo mayi a kunyumba sindinawafunse. Ndimaganiza kuti ndipeze kaye yankho kenako ndiwauze. Ndaona kuti ndinayambira kumchira. Achimwene a ku Joni, mawu anu ndawamva ndipo sindikuwapeputsa. Mantha amene mukunenawo ndi omwe andisunga pamsewu zaka zonsezi.

Wankhuku wa ku Likuni:
Poti mwatchula kamalo kuseri kwa nyumba, ndikuuzeni za nkhuku za nyama, zimene ndakhala ndikuweta zaka zisanu. Ubwino wake kwa munthu wa maganizo ngati anuwa ndi woti ntchito yake yaikulu ndi ya m'mawa ndi madzulo, nthawi imene ana ali pakhomo. Ine ana anga ndimawaperekeza ndekha kusukulu nditatha kuthira chakudya ndi kusintha madzi. Mukagula anapiye a tsiku limodzi, pakatha masabata asanu kapena asanu ndi limodzi mwayamba kugulitsa.

Koma ndisakunamizeni kuti ndi zophweka. Ndalama yambiri imathera ku chakudya. Nkhuku 100 zimadya matumba a makilogalamu 50 pafupifupi asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu kuti zifike pogulitsa, kuyambira starter, kenako grower, kumalizira finisher. Ndiye musagule anapiye ndi ndalama yonse n'kumati chakudya tidzaona kutsogolo. Ambiri amagwera pamenepo, sabata yachinayi nkhuku zikudya ngati dzombe, m'thumba muli mbee, n'kuyamba kuzipatsa gaga, ndiye sizikula. Masabata awiri oyamba simugona tulo tabwino. Anapiye amafuna kutentha, ndipo magetsi akathima mumadzuka kukoleza mbaula. Mukawaona aunjikana pamodzi ndiye kuti akumva kuzizira, akathawira m'mbali ndiye kuti kwatentha kwambiri. Mbaulayo muziyamba mwaiyatsira panja mpaka makala apse bwino, ndipo kholalo lisatsekedwe ponseponse, chifukwa mpweya wa makala umapha anapiye ngakhalenso munthu. Katemera wa chitopa ndi wa gumboro musaphonye, tsiku lake mufunse kumene mwagula anapiyewo ndipo mulembe pakhoma.

Chachikulu kuposa zonse: pezani msika nkhuku zisanakhwime. Zikafika pogulitsa, tsiku lililonse limene zagona m'khola zikudya phindu lanu. Ine ndimayamba kuuza anthu sabata yachitatu, amayi a malo odyera, a kanyenya, anzanga a kutchalitchi. Ndipo ngongole ya nkhuku ndinaleka, chifukwa munthu akadya nkhuku Lamlungu, Lolemba waiwala.

Inu muli ndi mwayi wina. Mankhusu a mpunga amene amangotayidwa kuchigayo amagwira ntchito ya utuchi pansi pa khola. Koma yambani mwafunsa eni nyumba, chifukwa fungo la zitosi lakanganitsa anthu ambiri ndi malandilodi awo. Ndipo yambani ndi 50, osati 200.

Bambo a Mapasa, Zomba:
Ine ndingochenjeza. Nthawi imene zinziri zinatchuka, aliyense akuti mazira ake ndi ndalama, ndinasiya geni yanga ya matemba n'kuthira mpamba wonse m'makola. Pofika nthawi yoti zanga ziyambe kuikira, theka la anthu a m'dera lathu anali nazonso. Ogula anali omwe aja ofuna kuyamba kuweta, ndipo atatha amenewo msika unangoti zii. Ndinabwerera ku matemba ndilibe mpamba, okugula anga akale atatengedwa ndi ena. Teremu imeneyo mapasa anga anakhala pakhomo masabata atatu chifukwa cha fizi. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Yesani chatsopanocho ndi ndalama imene itatayika ana sangasiye sukulu.

Ejenti wa pa Chinsapo:
Wina akuuzani kuti tsegulani benchi ya Airtel Money ndi Mpamba poti ndi pafupi ndi kunyumba. Ine ndi imene ndimachita, ndiye ndikuuzeni za mkati. Benchi yanga ili mamita osakwana 300 kuchoka pakhomo panga, koma ndimachoka 6 koloko m'mawa ana akusamba, kubwerera 8 koloko usiku ena atagona. Ukangotseka ola limodzi, kasitomala wapita kwa mnzako wa ambulera yoyandikana nayo ndipo mawa sabweranso. Komishoni imadalira kuchuluka kwa anthu ndi kukula kwa fuloti, ndalama zimene ejenti uli nazo zogwirira ntchitoyi, ndiye ndi mpamba wochepa umangokhalira kubweza anthu. Onjezani akuba a mauthenga abodza, amene akakupusitsa kamodzi phindu la mwezi wonse lapita.

Ndiye kukhala pafupi ndi nyumba si kukhala pakhomo ayi. Ine ndinachita kudziikira lamulo loti Lamlungu sinditsegula, ndipo Lachitatu ndimatseka 5 koloko kuti ndikaone makope a ana. Ndalama ya masiku amenewo imandipweteka, sindikana. Anzathu olembedwa ntchito lamulo linawaganizirako mu 2021, bambo amapatsidwa masabata awiri a tchuthi mwana akabadwa, kamodzi pa zaka zitatu. Ife odzilemba tokha palibe bwana woti atipatse tchuthi, ukapanda kudzipatsa wekha ndiye kuti palibe.

Nyamwezi wa ku Mzuzu:
Bambo a Yankho, ine ndine mayi wa geni yomweyi ya mpunga, zaka 11 tsopano. Ndikuona ngati funso mwalifunsa mokhota. Chimene chikukulandani ana si mpunga, ndi mmene mukuutengera. N'chifukwa chiyani ulendo uliwonse mupite ndinu? Ife tilipo anayi, tinagwirizana kuti tizipita mosinthana. Mmodzi akapita amagulira onse, thumba lililonse amalemba dzina la mwini wake, lole timalipira pamodzi, ndipo wopitayo timamusonkhera ya chakudya ndi malo ogona. Mmalo mopita kawiri pamwezi, aliyense amapita kamodzi pa miyezi iwiri. Mutu umodzi susenza denga.

Chachiwiri, lekani kuzungulira khomo ndi khomo. Alimi a m'masikimu a Hara, Wovwe ndi Lufilya ambiri ali m'magulu, ndipo mukamanga ubale ndi gulu limodzi amakusonkhanitsirani mpunga inu musanafike. Masiku 10 aja amatsika kufika anayi kapena asanu.

Chachitatu, phindu lenileni mukulisiya m'manja mwa amagolosale. Mpunga womwewo mukaupeta bwino, kuchotsa miyala ndi wosweka, n'kuuika m'mapaketi a kilogalamu imodzi, awiri ndi asanu, mtengo wake umasintha. Imeneyo ndi ntchito ya pakhonde, mukuona ana akusewera. Mukafuna kulowa nawo m'mashopu akuluakulu mudzafunika kulembetsa dzina la bizinesi ndi kupeza chiphaso cha a Malawi Bureau of Standards, koma poyambira anthu a m'maofesi ndi a m'dera lanu ndi okwanira. Woswekawo musataye, amayi ophika phala ndi zitumbuwa amaufuna.

Bambo a Mapasa, Zomba:
Mayi, nzeru ya kusinthanayo ndi yabwino koma ili ndi minga. Mlamu wanga anatumiza ndalama pa foni kwa munthu amene ankamukhulupirira, anadya naye m'mbale imodzi zaka zitatu. Matumba anabwera ndithu, pamwamba Kilombero wonunkhira, pansi mpunga wina wosakaniza. Okugula anabweza katundu, dzina linaipa.

Nyamwezi wa ku Mzuzu:
Zimachitika bambo, n'chifukwa chake sindinati atumize ndalama kwa munthu wa kumeneko n'kukhala pansi. Ndati apite mmodzi mwa eni mpamba, amene matumba ake ali mu lole yomweyo. Ife katundu akafika timabaya thumba lililonse pansi, pakati ndi pamwamba tonse tikuona, tisanagawane. Ndipo tinalemberana pa pepala kuti katundu akaonongeka panjira, kaya lole yafera pa Chiweta mvula n'kunyowetsa matumba, tonse tigawana kuluzako. Tinakanganapo kawiri, koma gulu lilipobe.

Mjomba wa pa Biwi:
Chabwino, ndamva zimene anena aphunzitsi ndi mayi a Tadala, ndipo za usiku wa malungo zija zandikhudza. Koma ngati nkhani ndi yokhala ndi ana, bwanji osangomutenga mnyamatayo azikhala nanu pa geni? Ine ndinayamba kugulitsa ndili ndi zaka 10 ndipo ndi zimene zikundidyetsa lero.

Aphunzitsi Opuma, Dedza:
Mjomba, kuphunzitsa mwana ntchito ndi kwabwino, ndipo ine ndanena kale kuti sikelo imuphunzitse masamu. Koma pali malire. Ndaona ana ambiri akusinza m'kalasi chifukwa anagona 10 koloko akugulitsa mandasi ndi mazira owiritsa pa siteji. Ndaonanso anyamata anzeru amene atangolawa ndalama ya m'manja, sukulu anaiona ngati yowachedwetsa. Lamulo la ntchito la dziko lino silola kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo ngakhale kuthandiza pakhomo kuli kololedwa, funso ndi lakuti: mwanayo ali pamenepo kuti aphunzire, kapena kuti bambo asalipire wantchito? Loweruka m'mawa apete mpunga ndi bambo ake, ayeze, alembe m'kope, zili bwino. Koma chaka cha mayeso a PSLCE asanyamule beseni kupita nalo kumsika.

Mayi a Tadala, Chilomoni:
Ndionjezereko za ndalama, poti bizinesi ikabwera pakhomo chiyeso chimakula. Ine ndimagulitsa zitenje ndi nsapato za ana, ndipo chaka choyamba mpamba unatha osadziwa kuti wapita kuti. Mwana akuti ndikufuna ya phala, watapa. Kwabwera alendo, watapa. Kumudzi kwagwa maliro, watapa. Tsopano tili ndi makope awiri, la bizinesi ndi la pakhomo, ndipo ngakhale nditenge ya mchere ndimalemba. Pakutha pa mwezi ndimadzilipira ndalama yodziwika ngati wantchito, yotsalayo sindiikhudza. Ya fizi timasunga ku banki m'khonde, ndipo tinasankha dala gulu limene limagawana mu Disembala kuti ikumane ndi teremu ya Januwale.

Za ngongole, kaya ndi ya ku bungwe lobwereketsa ndalama kaya ya ku banki, werengani kaye kuti kubweza kuyamba liti, chifukwa nkhuku siidziwa tsiku la ngongole. Koma katapila musamuyandikire n'komwe. Mnansi wanga anatengeredwa mipando ndi matiresi ana ake akuona, ndipo mwana wake wamkazi anakhala sabata osatuluka m'nyumba chifukwa cha manyazi.

Bambo a Yankho, Area 25:
Akuluakulu, papita masabata anayi, ndabwera kudzakuuzani pamene zafika. Ndinayamba ndi kukhala pansi ndi mayi a Yankho ana atagona. Ndinkayesa tikambirana za bizinesi, koma anayamba ndi kulira. Anandiuza kuti teremu yathayi Yankho anajomba masiku ambiri, ankachoka ndi yunifolomu koma n'kukathera ku vidiyo ndi anyamata akuluakulu, ndipo iwo anadziwa mochedwa mayi wina wogulitsa tomato atawatsina khutu. Nditafunsa chifukwa chimene sanandiuzire anati, "Mukabwera mumakhala mutatopa, ndipo mukangopuma mwayamba kale kuwerenga ndalama za ulendo wina. Ndikanakuuzani nthawi yanji?" Ndinasowa choyankha.

Za nkhuku anakana 100 zimene ndinkafuna. Anati 50, ndipo ndisadzayende ulendo anapiye asanakwane masabata awiri. Eni nyumba alola, bola khola likhale kutali ndi mpanda wa aneba ndipo zitosi ndizichotsa sabata iliyonse. Anena kuti iwo azitenga manyowawo kupita nawo kumunda kwawo.

Mpunga sindinasiye. Ndalankhula ndi anzanga awiri amene timakumana nthawi zonse kuchigayo ku Karonga, mmodzi wa ku Kawale wina wa ku Mchesi. Mmodzi wavomera kusinthana, winayo akuti aone kaye ulendo woyamba. Wa ku Kawaleyo ndi amene wapita sabata ino ndi ndalama zanga, ndipo sindibisa, mtima uli m'mwamba mpaka matumbawo ndiwaone ndi maso. Ndawerengera kuti miyezi yoyambayi ndalama yolowa itsika, mwina ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndiye tagwirizana kuti njerwa za kupuloti ziyambe zadikira chaka chino.

Kusukulu ndinapita tsiku lotsegulira. Aphunzitsi ake anandiyang'ana n'kunena kuti, "Kodi Yankho ali ndi bambo? Ife timangoona mayi." Anandionetsa pamene mwanayo anatayikira, ndipo ndi pa mafulakishoni pomwe munanena paja, aphunzitsi a ku Dedza. Tsopano 6 koloko madzulo timakhala pakhonde ndi sikelo. Masiku oyamba ankangoyankha ndi mutu, dzulo ndi pamene anandifunsa yekha ngati makota atatu ndi ochuluka kuposa magawo awiri mwa atatu, ndipo tinayeza mpunga m'mbale ziwiri kuti aone.

Anapiye afika masiku asanu apitawo, awiri afa usiku wachiwiri. Wamng'ono uja ndi amene amandigwirira tochi tikamapita kukawaona madzulo, ngakhale kunyamulidwa sanavomerebe kwenikweni. A ku Likuni, ndifunseko: ena mwa anapiyewa zitosi zawamatirira kumbuyo, ndichite bwanji?

Wankhuku wa ku Likuni:
Awiri pa 50 sabata yoyamba musade nkhawa, zimachitika. Zomatirirazo nthawi zambiri ndi chizindikiro choti kutentha sikuli bwino, mwina kwapitirira kapena usiku akuzizidwa, kapenanso sakumwa madzi okwanira. Tengani kansalu konyowetsa m'madzi ofunda, mufewetse pang'onopang'ono mpaka zichoke, osazula ndi mphamvu chifukwa mungamuchotse khungu. Mupukuteni aume musanamubwezere kwa anzake. Usiku uno dzukani cha m'ma 2 koloko muone mmene agonera, mundiuze mawa. Ndipo mwanayo akachoka kukhola azisamba m'manja ndi sopo, nsapato za kukhola zizikhala zakezake pakhomo la khola pomwepo.

Wa ku Joni:
Achimwene a Yankho, ndakhala ndikutsatira mwakachetechete. Maganizo anga oti musataye mpunga sanasinthe, ndipo ndakondwa kuti simunautaye. Koma mawu a aphunzitsi a ku Dedza onena za bambo awo andikhala pamtima masabata onsewa. Mwana wanga woyamba ali ndi zaka 11. Usiku wathawu ndinamuimbira osati kudzera kwa mayi ake, ndinapempha kuti amupatse foni yekha. Tinakhala mphindi ziwiri tikusowa chokamba, kenako anayamba kundiuza za mpira wa kusukulu kwawo. Disembala uno ndikubwera, ndipo ndikufuna ndione ngati ndalama imene ndasunga ingakwane firiji ya sola ndi mpamba wa nsomba kuti ndisabwererenso. Mayi a ku Mzuzu, kodi nzeru ya kusinthana ulendo ija ingagwire pa usipa wochoka ku Mangochi kupita ku Limbe? Alipo pa gulu lino amene amachita geni imeneyi?